Nizakupanga Ngozi: Mbiri ya Nyimbo ya ku Lusaka

 Nkhani yathu lero ndi ya nyimbo imodzi. Dzina lake ndi "Nizakupanga Ngozi". Inatuluka m'dziko la Zambia m'chaka cha 1977, pa chimbale chotchedwa 45,000 Volts, ndipo anaiimba ndi a gulu la Ngozi Family, mtsogoleri wao ali Paul Ngozi wa ku Lusaka. Ndi nyimbo ya mtundu uja Azungu amautcha rock, wa magitala a magetsi ndi ng'oma zomenya molimba, koma mau ake ndi a chinenero chomwechi chimene ndikulankhula nanu. M'chaka cha 2024 mau amenewa analowa m'makutu a anthu miyandamiyanda ku America ndi ku Ulaya, pamene ambiri a ife, amene sitifuna womasulira kuti tiwamve, tinali tisanawamvepo ndi kamodzi komwe. Chimenechi ndicho chandichititsa kuti ndiisankhe.

Tiyambe ndi dzina. Munthu wa kuno kwathu akadati "ndidzakupanga", koma wa ku Lusaka amati "nizakupanga". Ndi Chinyanja cha m'tauni, chimene chinakulira m'makomboni momwe Achewa, Ansenga, Angoni, Abemba ndi mitundu ina anali kutunga madzi pa mpopi umodzi. Ife kuno tinasintha dzina la chinenerochi m'chaka cha 1968 ndi kuyamba kuchitcha Chichewa, koma anzathu a ku Zambia anasunga dzina lakale la Chinyanja. Alipo ena amene amanyoza kalankhulidwe ka ku Lusaka, amati ndi Chichewa chothyoka. Ine sindigwirizana nao. Chinenero chimene munthu angathe kukalipira nacho mnzake, kunyengerera nacho mkazi ndi kupekera nacho nyimbo, ndi chinenero chamoyo. Onaninso nzeru imene ili m'dzinali. Mau oti "ngozi" ndi chiopsezo, inde, komanso ndi dzina la mwini nyimbo. Munthu akumva mutuwo samadziwa ngati akuopsezedwa kapena akuuzidwa dzina la amene akuimba, ndipo zonse ziwiri ndi zoona.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa m'chaka cha 1949 ndipo anakulira ku Chibolya, komboni ya anthu osauka mumzinda wa Lusaka. Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira mu October 1964, miyezi itatu ife titalandira wathu, iye anali mnyamata wa zaka 15. Nthawi imeneyo mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo ndalama za ku migodi ya ku Kitwe, Ndola, Mufulira ndi Chingola zinali kufika ndithu m'matumba a anthu wamba. Akulu ena a kuno, amene anakagwira ntchito kumeneko, akukumbukira. M'masitolo munali mbale za galamafoni zochokera ku England ndi ku America, za magulu monga The Beatles, The Rolling Stones, Deep Purple ndi Black Sabbath, ndiponso za Jimi Hendrix, munthu wakuda amene anasintha kaimbidwe ka gitala pa dziko lonse asanamwalire mu 1970. Kumapeto kwa chaka chomwecho James Brown anafika ku Zambia ndi kuimba pamaso pa makamu a anthu. Anyamata anaona, anamva, ndipo anayamba kutsanzira.

Kutsanzira si tchimo kwa wophunzira. Ngakhale wosema bwato amayamba ndi kuonerera amalume ake. Magulu oyamba a anyamatawa anali kuimba nyimbo za eni ake m'Chingerezi, m'mahotela ndi m'maholo a ku migodi. Koma pofika m'ma 1970 anayamba kupeka zao, nasakaniza gitala ya Hendrix ndi kamenyedwe ka ng'oma za kwao. Panabuka magulu monga Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga, WITCH la Emmanuel "Jagari" Chanda, Amanaz, The Peace ndi Blackfoot. Muulutsi wina wa pa wailesi, Mannasseh Phiri, amene pambuyo pake anatchuka ngati dokotala, ndiye anapatsa maimbidwewa dzina loti Zamrock. Paul Nyirongo anaimbako kanthawi ndi gulu la Musi-O-Tunya, kenaka anayambitsa lake. Pa bwalo anali munthu woopsa ndithu: ankatha kuimba gitala ndi mano monga ankachitira Hendrix, ndipo dzina loti Ngozi linamukhala.

Panalinso dzanja la boma. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene iye mwini ankakonda kuimba gitala, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi ya dzikolo zikhale za eni dziko. Lamulo lotere likagwa, wailesi imasowa choulutsa pokhapokha patapezeka mbale zatsopano zambiri, ndiponso msanga. Amalonda anaona mwai. Edward Khuzwayo, mwini kampani ya Zambia Music Parlour ku Ndola, anasonkhanitsa magulu ambiri ndi kuwalipirira zojambula, ndipo kampani ya Teal inali kudinda mbalezo mumzinda womwewo wa Ndola. Chifukwa nyumba zojambuliramo nyimbo zinali zochepa, magulu ena, kuphatikizapo Ngozi Family, ankapita mpaka ku Nairobi m'dziko la Kenya kukajambula. Chimbale choyamba cha gululi, Day of Judgement, chinatuluka mu 1976. Chaka chotsatira ndi pamene panatuluka 45,000 Volts. Sanali anthu okhala miyezi m'situdiyo akukonza liu limodzi. Ndalama za zimenezo panalibe. Ankalowa atakonzeka kale, naimba monga amaimbira pa bwalo, natuluka.

Tsono tiyeni tione mmene nyimbo yotere imapangidwira, pakuti apa ndi pamene pali luso. Gululi linali la zida zitatu zokha: Paul Ngozi pa gitala, Tommy Mwale pa gitala ya besi, ndi Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma. Anthu atatu ndi ochepa. Palibe malipenga, palibe limba, palibe gitala yachiwiri yodzaza mipata. Nanga phokoso lodzaza nyumba lija limachokera kuti? Limachokera ku kabokosi kakang'ono koponda ndi phazi, kamene oimba amakatcha fuzz.

Gitala ya magetsi payokha ilibe mau okwanira kudzutsa mwana. Zingwe zake zachitsulo zikagwedezeka pamwamba pa timaginito tokulungidwa ndi waya, zimabala mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri, ndipo mphamvuyo imapita ku makina okuzira mau. Makina alionse ali ndi malire ake. Mukawapatsa mphamvu yoposa imene angathe kunyamula, mau aja amaphwanyika, nayamba kusasa ndi kulirima. Inu nonse munazimvapo zimenezi pa wailesi yanu, pamene mwatsegula mau mpaka kumapeto mabatire ali ofooka. Kwa zaka zambiri akatswiri ojambula nyimbo ankayesa kusasa kumeneku chilema choyenera kuchotsa. Koma mumzinda wa Nashville ku America, pojambula nyimbo ya Marty Robbins yotchedwa "Don't Worry", imene inatuluka mu 1961, makina ena anaonongeka ndipo besi inatuluka yosasa. Anaisiya momwemo, anthu naikonda. Mu 1962 kampani ya Gibson inayamba kugulitsa kabokosi kochita dala chilema chimenechi, ndipo mu 1965 Keith Richards wa The Rolling Stones anakagwiritsa ntchito m'nyimbo ya "Satisfaction". Kuyambira pamenepo mnyamata aliyense wa gitala anakafuna.

Ubwino wa kabokosika kwa gulu la anthu atatu ndi wakuti liu limodzi la gitala limanenepa ndipo limakhalitsa lisanazime. Chingwe chimodzi chimamveka ngati zingwe zisanu. Paul Ngozi anakonda kusasa kumeneku koposa anzake onse, ndipo sanayese kukuchepetsa kuti kukomere anthu aulemu a m'mahotela. Pamwamba pa apo, nyimbo zake zimamangidwa pa kachigawo kakafupi ka maimbidwe, kamene gitala ndi besi zimakabwereza kosalekeza, ng'oma zikutsendera pansi. Azungu amayesa kuti kubwereza kotere ndi kwao. Koma aliyense amene anamverapo bangwe, kalimba kapena mangolongondo akudziwa kuti makolo athu anali kumanga nyimbo motere kalekale: kachigawo kamodzi kozungulirazungulira, ndipo mau a woimba akuyenda pamwamba pake. Ndiye chifukwa chake nyimboyi, ngakhale zida zake zinachokera kutali, siimveka yachilendo m'khutu la munthu wa kuno. Chachilendo ndi kabokosi kaja basi.

Nanga nyimboyo ikuti chiyani? Anzake a ku England, pogwiritsa ntchito gitala yolirima chotere, ankaimba za nkhondo, za ziwanda ndi za kutha kwa dziko. Paul Ngozi anaimba za miseche. Mwini nyumba akuchenjeza munthu wobwera pakhomo pake kuti abwere mwaulemu, asabweretse nkhani za eni ake, pakuti kulongolola kumaputa mavuto. Nkhani yonse ndi imeneyo. Wina angaseke, nati kodi magetsi onsewa ndi a nkhani yaing'ono chotere? Koma munthu amene anakhalapo m'komboni sangaseke. Kumene nyumba zili zothithikana, khoma limodzi likulekanitsa mabanja awiri, mau onenedwa usiku amafika pa mpopi kusanache. Miseche imathetsa maukwati, imachotsetsa anthu ntchito, imamenyanitsa abale. Ndipo kumbukirani kuti kuyambira kumapeto kwa 1972 Zambia inali pansi pa chipani chimodzi, monga ifenso tinalili. M'masiku amenewo mlomo wa mnansi unali chinthu choopedwa.

Inu a pa doko la Kachulu simufuna kuuzidwa zambiri pa nkhaniyi. Pamene pamakumana asodzi, ogula matemba ochokera ku Zomba ndi ku Limbe, opalasa mabwato a ku Chisi, ndi amene akhala milungu ingapo m'zimbowera osaona mabanja ao, nkhani zimayenda msanga kuposa nsomba. Mwamuna akutsika m'bwato amalandiridwa ndi mbiri ya kunyumba kwake asanafikeko. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Paul Ngozi ananena zomwezo, koma anazinena ndi ukali wa mnyamata wa m'tauni amene watopa nazo. Kwa ine, apa ndi pamene pagona mphamvu ya nyimboyi. Akadaimba m'Chingerezi za zinthu zimene anangozimva pa mbale za eni ake, ikadakhala nyimbo yobwereka, ndipo ikadatha pamodzi ndi mathalauza otambalala kumiyendo a nthawi ija.

Mwina wina afunsa chifukwa chake ife kuno ku Malawi sitinakhale ndi gulu ngati limeneli. Oimba aluso tinali nao: Morson Phuka ndi Jazz Giants, a MBC Band, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, Robert Fumulani ndi Likhubula River, Alan Namoko ndi Chimvu River, ndipo pambuyo pake Kalimba ndi Makasu. Koma tinalibe migodi yolemeretsa anthu a m'tauni, ndipo zida za magetsi zinali zodula. Nyimbo zathu zambiri zinkajambulidwa m'situdiyo za MBC ndi kusungidwa pa matepi a wailesi, osati pa mbale zogulitsa m'sitolo. Ndiponso lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo m'ma 1970 munabwera malamulo a kavalidwe amene analetsa amuna kusunga tsitsi lalitali. Ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa "Cecilia" inaletsedwa. Mnyamata wa tsitsi lanyankhalala, woluma gitala ndi mano, sakadapita patali m'Blantyre wa masiku amenewo.

Ku Zambia nakonso nyengo yabwino siinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo sunadzukenso kwa zaka zambiri. Malire ndi dziko la Rhodesia anali atatsekedwa kale mu 1973. Chifukwa Zambia inasunga omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pafupi ndi Lusaka mu 1978, ndipo boma linaletsa anthu kuyenda usiku. Gulu loimba limadya usiku. Mukatseka usiku mwalitsekera pakamwa. Munthu amene akusowa ndalama ya ufa sagula mbale ya galamafoni. Kenaka panabwera disko, pamene munthu mmodzi wokhala ndi mbale zingapo ankagwira ntchito ya gulu lonse pa mtengo wotsika, ndipo m'ma 1980 anthu anatembenukira ku kalindula ndi rumba. Makaseti ojambula mwakuba anatsiriza zotsalazo. Pamwamba pa zonsezi panagwa mliri wa Edzi, umene unatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Mwa anyamata asanu amene anatchukitsa gulu la WITCH m'zaka zake zoyamba, anatsala ndi Jagari Chanda yekha, ndipo iye anakhala mphunzitsi, kenaka wokumba miyala ya mtengo wapatali. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Mumzinda wa Lusaka muli mseu wotchedwa dzina lake, koma kwa zaka zambiri kunali kosavuta kupeza mseuwo kusiyana ndi kupeza chimbale chake.

Pano ndifuna mumvetse bwino, pakuti ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Nyimbo ikajambulidwa, pamakhala tepi yoyamba, imene mbale zonse zimadindidwa kuchokera pa iyo. Tepi imeneyo ndiyo mbeu. Makampani atatsekedwa, matepi ambiri oyamba a Zamrock anasowa kapena anaonongeka. Chimene chinatsala ndi mbale zowerengeka, zokalika, m'mabokosi a anthu amene sanazitaye. Inu a ku Chilwa mukudziwa mmene zimakhalira. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, motero mvula ikavuta zaka zotsatizana imauma, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Anthu anayenda pansi kuchokera ku Kachulu kupita ku Chisi. Koma madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zinabwereranso. Zinachokera kuti? Zinabisala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjamo, monga Likangala ndi Domasi, ndipo mu 1995 mafumu ndi alangizi a za usodzi anagwirizana zoteteza maiwewo kuti anthu asaphe nsomba zotsalazo. Pakadapanda olonda maiwe, madzi akadabwera okha opanda kanthu. Mbale zokalika zija ndizo zinali maiwe a nyimbo ya Paul Ngozi.

Amene anabwera kudzafufuza m'maiwemo anali alendo. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. M'zaka za m'ma 2000, anthu osonkhanitsa mbale zakale ku Ulaya ndi ku America anayamba kumva za magulu a ku Zambia ndi kufunafuna mbale zao. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yotsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inagwirizana ndi oimba otsala ndiponso mabanja a omwalira, niyamba kudindanso nyimbozo. Mu 2010 inatulutsa za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, mu 2012 za WITCH, mu 2014 chimbale cha Day of Judgement, mu 2017 zimbale ziwiri zosonkhanitsa magulu ambiri zotchedwa Welcome to Zamrock!, ndipo mu 2021 chimbale chathu chija cha 45,000 Volts. Leonard Koloko, mlembi wa ku Zambia, anathandiza kulemba mbiri ya oimbawa. Jagari Chanda anatuluka m'maenje a miyala nabwerera pa bwalo, ndipo mu 2023 gulu la WITCH linatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango, patapita zaka pafupifupi 40. Sampa the Great, mtsikana wa ku Zambia wotchuka kunja, anaimba nyimbo yolemekeza Zamrock mu 2022.

Tafika tsopano ku October 2024. Woimba wina wa ku California, Tyler Okonma, amene amadziwika ndi dzina loti Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa "Noid". Iyeyu anabadwa mu 1991, patatha zaka ziwiri Paul Ngozi ali m'manda. Oimba a mtundu wake ali ndi chizolowezi chodula kachigawo ka nyimbo yakale ndi kumangapo nyimbo yatsopano, monga mmisiri amatengera chitseko cha nyumba yakale kukaika pa nyumba yatsopano. Tyler anadula chigawo cha "Nizakupanga Ngozi". Nyimbo yake ikunena za mantha a munthu wotchuka: anthu omujambula zithunzi mobisa, omutsatira pa mseu, ofuna kudziwa pamene amagona. Ndipo pakati pa madandaulo amenewa pamatulukira mau a Paul Ngozi, m'Chinyanja cha ku Lusaka, osamasuliridwa, akuchenjeza wobwera pakhomo. Chimbale chimene munali nyimboyi, Chromakopia, chinakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa koposa ku America, ndipo "Noid" inalowa m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba. Achinyamata a ku New York ndi ku London anayamba kufunsana tanthauzo la mau amene mwana aliyense wa ku Kachulu angawamve popanda womuthandiza.

Ena anakwiya, nati Amereka atibera. Ine ndikuona mosiyana, ngakhale sindikuti palibe chodandaulitsa. Dzina la Paul Nyirongo linalembedwa pakati pa opeka nyimbo ya "Noid", ndipo m'malamulo a zopekapeka kulembedwa kotere ndiko kumatsegula njira ya malipiro. Malamulo a ku Zambia amateteza ntchito ya wopeka pa moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira, kutanthauza kuti nyimbo za Paul Ngozi zili ndi eni ake kufikira chaka cha 2039. Ndiponso mnyamata wa ku California uja sanatenge phokoso lokha. Anaika mauwo pamalo pamene tanthauzo lake likugwirizana ndi nkhani yake. Munthu wa ku Chibolya wotopa ndi milomo ya anansi, ndi munthu wolemera wa ku Los Angeles wotopa ndi maso a anthu osawadziwa, akupempha chinthu chimodzi: kuti pakhomo pao palemekezedwe. Paul Ngozi nayenso anatenga kabokosi ka ku America osapempha, nakalankhulitsa Chinyanja. Chodandaulitsa chili kwina. Nyimbo ya m'chinenero chathu inayenera kuyamba yapita ku Los Angeles kuti ife tiimve, ndipo kuti ifike kumeneko zinatengera mwai wakuti wina wake sanataye bokosi la mbale zakale.

Nanga zathu zili pati? Mu December 1946 mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba, madzi ndi miyala zinakokolola milatho ndi midzi, ndipo madzi amenewo anathera m'nyanja yathu yomweyi. Anthu anati wadutsa Napolo. Abale awiri a kwa Paseli anaimba nyimbo ya ngoziyo, ndipo nyimboyo yaimbidwanso ndi oimba ena ambiri kufikira lero. Koma ndi angati mwa ife amene anamvapo mau a eni akewo? Nyimbo zambiri za makolo athu zimene Hugh Tracey anajambula m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku South Africa, ku Rhodes University. Ana a Kachamba anadziwika kunja chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nao mu 1967 nayamba kuwajambula. Tiyamike kuti Moya Aliya Malamusi anakhazikitsa malo osungirako zoimbira ndi zojambula ku Singano, ku Chileka, ndiponso kuti m'zaka za m'ma 2010 matepi akale a MBC anayamba kusamutsidwira m'makompyuta ndi chithandizo cha dziko la Norway. Tepi siikhala mpaka muyaya. Chinyezi ndi kutentha zimaidya pang'onopang'ono, ndipo makina oiimbira akusowa chaka ndi chaka.

Taonanso kuti kutchuka ndi malipiro siziyenda limodzi nthawi zonse. Agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, anaimbanso nyimbo yao ya "Linny Hoo" pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo pofika kuchiyambi kwa 2022 nyimboyo inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok. Anthu a m'maiko akutali anavina, koma chimene chinafika m'manja mwa mkuluyo kuchokera ku mavinidwe amenewo sichinafanane ndi chiwerengerocho. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera malipiro a opeka, lingathe kumenyera nkhondo nyimbo imene mwini wake anailembetsa. Inu anyamata amene mumaimba ndi magitala a zigubu pa doko madzulo, ndipo mnzanu amakujambulani pa foni, dziwani kuti kanemayo angathe kufika kumene inu simudzafikako. Lembani tsiku, lembani maina a onse amene anaimba ndi amene anapeka, ndipo sungani chojambulacho malo awiri, pakuti foni imagwera m'madzi.

Kwa inu akuluakulu amene munabwera ndi mbale kuchokera ku Kitwe, ku Harare kapena ku Joni, ndipo zili m'sutikesi pansi pa bedi, pempho langa ndi ili. Musazipatse ana kuti aziseweretsa, ngakhale galamafoni inafa kalekale. Ziimikeni chilili, musazisanjikize chogona, pakuti zimapindika. Zisakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto. Musataye chikuto chake, chifukwa pamenepo ndi pamene palembedwa chaka, malo ndi maina a oimba, ndipo kawirikawiri chikuto ndicho umboni wokhawo wotsala. Makaseti nawo asungeni pouma, kutali ndi sipika, pakuti maginito a m'sipika amafufuta mau.

Tsopano timve nyimbo ija monga inajambulidwira mu 1977. Tcherani khutu ku gitala, mumve mmene ikusasira, ndipo muwerenge zida zimene zikulira: mupeza zitatu.